Kuthezo Kulibe Mbale ya Munthu Mmodzi

Pa Chiringa panali amuna ambiri odziwa kukonza njinga, koma wodziwa kupera nandolo analipo mmodzi yekha, Fraser Nakoma. M'mawa uliwonse, asanapite kukayala masipanala ake pansi pa mtengo wa mbawa pafupi ndi msika, ankagwada pamphero kuseri kwa nyumba n'kumapera nandolo wouma mpaka makoko atasiyana ndi mbewu. Akatero ankapeta yekha ndi lichero. Kapetedwe kake sikanali kokongola, tisanamizane, chifukwa theka la makoko linkathera m'ndevu zake. Koma chipere chochoka m'manja amenewo ukanachifufuza ndi singano osapezamo khoko ndi limodzi lomwe.

Goliati, mnzake wa pabawo, munthu wamfupi ngati chitsa ngakhale dzina linali lalikulu, sankamusiya apume.

"Achimwene, akazi anu anakudyetsani khuzumule wa kuti? Mawa tikuonani mutamanga chitenje."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," Fraser ankayankha choncho, maso ali pa njombwa zake.

Mimba yake inali ya Lenia, mwana wake woyamba, amene anabadwa chaka chimene napolo anagumula phiri n'kukokolola midzi ya ku Phalombe. Anakula bwinobwino mpaka zaka zisanu ndi zinayi. Kenaka kunayamba kutsekula m'mimba kosaleka, nthawi zina kwa magazi, ndipo mwana amene ankathamanga kuposa anyamata anatsala mafupa okhaokha. Masiku amenewo munthu akawonda, pakamwa pa anthu panali matenda amodzi okha. Amayi a pachitsime anayamba kuyang'ana Aliness, mkazi wa Fraser, kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kuona ngati naye wayamba kutha. Belita, mkulu wake wa Aliness, amenenso anali namkungwi wa mudzi wonse, anali ndi yankho lakelake. Ankati mwanayo wasemphedwa, bambo wake anayenda kunja kwa banja n'kubwera kudzamugwira. Fraser anali mkamwini pamudzipo, choncho anameza mawuwo ngati mankhwala owawa.

Magazi anayezedwa katatu, katatu konse osapezeka kanthu. Pomaliza a Malumbo, dokotala wa pachipatala chaching'ono amene kwawo kunali ku Rumphi, analemba kalata yoti mwanayo akaonedwe ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anamuunika m'kati ndi kachingwe kokhala ndi nyali kumapeto, n'kupeza kuti matumbo ake amatupa okha n'kuchita zilonda. Sanali matenda opatsirana, sanali tsempho, komanso sanali ochizika n'kutheratu. Anali matenda ogona n'kudzuka. Atabwerako, a Malumbo anamukhazika Fraser pabenchi n'kumufotokozera m'njira yoti amve.

"A Nakoma, inu mumakonza njinga. Chubu chikapyapyala, mumasiya mchenga m'tayala?"

"Ayi, adokotala. Chingaphulike musanafike pa Migowi."

"Ndiye makoko a nyemba, gaga, ulusi wa mango, tsabola, zokazinga m'mafuta ambiri, kwa mwana uyu ndi mchenga, makamaka matenda akadzuka. Mapilitsi achita mbali yawo, koma mbale ndi yanu. Azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo asasowe zokulitsa thupi. Mwana aliyense ali ndi zake zomuputa, ndiye muziona nokha ndi maso anu."

Kuona ndiye kunali ntchito ya Fraser. Munthu amene amatha kumiza chubu m'beseni n'kudikira kathovu kamodzi kakang'ono sangalephere kudikira mimba ya mwana wake. Aliness anali ndi munda, ana atatu aang'ono, ndiponso mtima wosatha kukaniza mwana wolira, choncho kampoto kakang'ono kophikira Lenia kanakhala ka Fraser. M'miyezi yochepa anadziwa zonse. Phala la mpunga linkakhazikika. Ufa woyera wosefa kawiri unkakhazikika, ngakhale wailesi ndi alangizi a zaumoyo ankalalikira mgaiwa tsiku ndi tsiku. Matemba osinja, maungu, nthochi zakupsa, chipere pang'ono masiku amene mimba ili phee, zonsezi zinkakhazikika. Mkaka unkamuvuta, thobwa linkamuvuta. Ndipo tsiku lililonse Lenia ankadya dzira limodzi lowiritsa, chinthu chimene chinadzutsa mapokoso kuposa zonse, chifukwa pamudzipo ankati mwana wamkazi akazolowera mazira sadzabala.

Koma chimene chinadanitsa Fraser ndi Belita si mazira. Loweruka lina Belita anaona Lenia atakhala payekha anzake akunyambita zala, ndipo chifundo chinamugwira. Mwana wa Alomwe wosadziwa kalongonda, zoona? Anamupakulira mbale yodzaza nyemba zimenezo, yothira tsabola, ndi chikho cha thobwa pambali. Mwanayo anadya mokondwa. Lolemba lake anali pabedi la m'chipatala, botolo la madzi likulendewera pamwamba pake, ndipo anakhala komweko milungu iwiri.

Fraser atabwerako anaima pakati pa bwalo n'kukuwa, mudzi wonse ukumva: "Kuyambira lero mwana wanga asadyenso kanthu pakhomo pa munthu wina!"

Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo tsiku limenelo mwendo wa Fraser unakula kwambiri. Zimene ananena zinali zoona, koma kuno kuletsa mwana kudya pakhomo pa munthu n'chimodzimodzi kuloza munthuyo chala kuti ndi mfiti. Belita anatuluka m'nyumba mwake, anamanga chitenje bwinobwino, n'kunena mofatsa kuti: "Ndamva, alamu. Mfitiyo ndine." Kuchokera pamenepo, kwa zaka zitatu, awiriwa ankangopatsana moni wa pamsewu.

Chaka cha njala ya 2002, anthu akukanganirana gaga kuchigayo, Fraser ankapalasa njinga mpaka ku Chilwa kukakonza njinga za asodzi, malipiro ake n'kukhala mpunga ndi matemba. Iye ndi Aliness ankadya gaga yemweyo ngati wina aliyense, koma m'kampoto kaja gaga sanalowemo. Lenia anadutsa njalayo ali chiimire. Pofika 2004 masaya anali atabwerera, anali mu Sitandade 6, ndipo panali patatha chaka chathunthu matenda asanadzuke. Fraser akamamuona akubwera kusukulu chikwama chili kumsana, mtima unkamukula mpaka kuiwala kasitomala ali chiimire ndi njinga yake.

Ndiye mwezi wa June chaka chimenecho Aliness anamuitana kuseri kwa nkhokwe.

"Abambo a Lenia, mwana uja wakula. Masukulu akatsekera, anzake akulowa kuthezo. Dzina lake laperekedwa kale."

Fraser thezo ankalidziwa monga mwamuna aliyense amalidziwira, chapatali: msasa wa udzu kutsidya kwa mtsinje, kumene atsikana amakhala milungu iwiri akulangizidwa, ndipo mwamuna salowako ngakhale atakhala bambo wake wa mwana. Zakudya amabweretsa ndi amayi, koma zikafika amaziphatikiza, atsikana onse n'kudya mbale imodzi. Mgaiwa, nandolo wamakoko, kalongonda, chilichonse chimene chabwera. Namwali sasankha, namwali sakana. Ndipo mwini wake wa zonsezo anali Belita.

"Sapita," anatero Fraser.

"Mawu amenewo si anu, mukudziwa," anatero Aliness mwachifatse. "Komanso mufunseni mwini wake."

Mwini wakeyo, Lenia, anali akusefa ufa pakhonde. Sanadikire kufunsidwa.

"Ababa, ndikatsala, anzanga akatuluka sazindiyankhulanso ngati mnzawo. Ndidzakhala mwana mpaka imvi. Kusukulu ndine kale wa kambale kakekake. Ndikufuna ndipite."

"Ukadwala kumeneko ine ndidziwa bwanji?"

"Sindidwala. Mapilitsi nditenga."

"Mapilitsi achita mbali yawo, koma mbale..."

"Mbale ndi yanu, ndikudziwa," anamalizitsa Lenia, n'kuseka pang'ono.

Fraser sanaseke. Anakumbukira botolo lolendewera lija, ndi kadzanja kamene anakagwira milungu iwiri kali kopepuka ngati phesi. Zaka zinayi za ntchito yake zikanatha kugwa ndi mbale imodzi. Anachita mantha, mantha enieni, amene sanachitepo ngakhale tsiku la napolo.

Anaganiza masiku atatu. Tsiku lachinayi anachita chinthu chimene chinamulemera kuposa kupalasa njinga mpaka ku Chilwa. Anagwira tambala wake wofiira, anatenga kampoto kaja ndi sefa, n'kupita kwa Belita dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Sanadikire mpando. Anakhala pansi pafumbi n'kuwomba m'manja.

"Alamu, ndinalakwa kayankhulidwe. Pakamwa panga panathamanga kuposa mutu. Sindinkatanthauza zimene zinamveka zija."

Belita anali akutong'ola chimanga. Sanadzutse mutu.

"Zaka zitatu, alamu. Tambala ameneyu anali asanabadwe."

"Ndikudziwa."

"Mwabwera chifukwa mwana akulowa m'manja mwa mfiti."

"Ndabwera chifukwa akulowa m'manja mwa mayi ake aakulu."

Belita anasiya kutong'ola kanthawi, kenaka anapitiriza. Fraser anaona ngati kampata katseguka, ndiye anayamba kufotokoza, ndipo atayamba sanathenso kuleka. Ananena za makoko, za ufa wosefa kawiri, za matemba osinja mpaka minga itatha, za kudya kasanu ndi kamodzi patsiku. Ananena za chubu ndi mchenga. Ananenanso za dzira.

"Mazira kuthezo?" Belita anamuyang'ana koyamba. "Mukufuna ndiwononge ana a eni?"

"Wanga yekha, alamu. Limodzi basi."

"Tamverani, a Nakoma. Mwambo umenewu sindinauyambe ndine. Kuthezo kulibe mwamuna, ndipo kuthezo kulibe mbale ya munthu mmodzi. Mwana amene adya payekha kumeneko sanavinidwe, wangopita kukagona kutchire. Tengani mpoto wanu. Tambala musiye."

Fraser anabwerera kunyumba ndi kampoto ndi sefa, opanda tambala, opanda lonjezo.

Atsikana khumi ndi mmodzi analowa kuthezo sabata yoyamba ya Ogasiti, Lenia ali pakati pawo, mapilitsi atamangidwa pakona ya chitenje. M'mawa mwake Fraser anadzuka monga mwa masiku onse, anapita kuseri kwa nyumba, anagwada pamphero, kenaka anakumbukira kuti palibe woti amuperere. Anakhala choncho chigwadire, manja ali pamaondo, mpaka nkhuku zinayamba kumuzungulira.

Kuntchito anali munthu wopanda pake. Tsiku lachiwiri anamatira chigamba pambali pa bowo. Tsiku lachitatu anabweza njinga ya mphunzitsi ilibe mabuleki. Madzulo aliwonse Aliness akabwera kuchokera kutsidya, Fraser ankamuyang'ana kumaso ngati munthu wowerenga kalata.

"Ali bwanji?"

"Za kuthezo sizinenedwa."

"Wadya chiyani?"

"Abambo a Lenia, za kuthezo sizinenedwa."

Tsiku lachinayi, chakumasana, Goliati anabwera pambawa paja akupuma mothamanga, chifukwa nkhani yoipa imapatsa miyendo ngakhale munthu wamfupi.

"Achimwene, ndakumana ndi alamu anu a Belita akulowa pachipatala. Namkungwi kusiya anamwali masana? Sindinaonepo."

Fraser anataya sipanala. Sanapite kuchipatala, anapalasa kulunjika kumtsinje. Anafika pamadzi, njinga anaigwetsa, phazi limodzi linalowa m'madzi ndi nsapato yomwe. Kutsidya, pamwamba pa bango, ankaona denga la udzu ndi utsi wochepa. Mtsinjewo mwezi wa Ogasiti sunali mtsinje, mwana wa zaka zisanu akanaudumpha. Koma Fraser ankadziwa chimene chinali kutsidyako. Mwamuna wowoloka pamenepo akanachititsa manyazi atsikana khumi ndi mmodzi, chinamwali chonse chikanaonongeka, ndipo mkamwini wotero amamulongedzera katundu tsiku lomwelo. Akanamupulumutsa Lenia masana amodzi, n'kumusiya wopanda womuphikira moyo wake wonse, komanso ali ndi dzina la mtsikana amene bambo wake anaswa thezo.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka kutsidya kunamveka nyimbo, mawu a atsikana ambiri pamodzi, ndi m'manja. Anatchera khutu mpaka anamva liwu limodzi lopyapyala limene nthawi zonse linkathamangira patsogolo pa anzake, monga linkachitira kukwaya. Anachotsa phazi m'madzi, anadzutsa njinga, n'kubwerera kuntchito nsapato ikulira.

Kuyambira tsiku lotsatira, zinthu zinayamba kusowa pakhomo pa Fraser. Choyamba chinali mwanamphero, kamwala koperera kamene dzanja lake linali litakazolowera. Kenaka sefa. Kenaka mazira: nkhuku zisanu ndi imodzi zoikira, koma m'chikwere munali mbee. Fraser anayamba wakayikira njoka, n'kuwotcha tayala lakale kuti ithawe ndi utsi. Mazira anapitiriza kusowa. Anakayikira galu wa Goliati, n'kumuthamangitsa ndi pampu mpaka kumsika. Goliati anakwiya nazo.

"Galu wanga aba bwanji anu pamene anga omwe akusowa? Mudzi wonse nkhuku zanyanyala. Pitani mukafunse kwa Amosi, kwa Jonasi, kulikonse."

Fraser anafunsa Aliness za mwanamphero. Aliness anati mwina ana anaseweretsa. Anafunsa za sefa. Aliness anati mwina mbuzi. Munthu wochenjera akanazindikira pomwepo, pajatu mbuzi sidya waya. Koma mantha amatseka mutu, ndipo Fraser, amene ankatha kuona kathovu kamodzi m'beseni, sanaone chimene chinali poyera. Ankangowerenga masiku, ndipo anawonda kuposa m'chaka cha njala.

Tsiku lotuluka anamwali linafika. Bwalo linadzaza dzuwa lisanakwere, ng'oma zikulira, amayi atavala zitenje za zipani zonse zimene zinagawa nsalu pachisankho cha chaka chimenecho. Fraser anavala jekete lake la kutchalitchi n'kuima kutsogolo kwenikweni, kuiwala kuti mkamwini amaima chakumbali. Palibe anamudzudzula.

Anatulukira kunjira ya kumtsinje ali pamzere, mitu yometa, mikanda m'khosi, matupi akunyezimira mafuta, maso ali pansi monga mwambo unenera. Fraser sanayang'ane nkhope. Anayang'ana kayendedwe, chifukwa Lenia mimba ikamamupweteka ankayenda chowerama pang'ono, dzanja lamanzere lili pamchombo. Woyamba anadutsa, wachiwiri, wachitatu. Wachisanu ndi chiwiri ankayenda chowongoka ngati bango, manja onse ali m'mbali, masaya ali odzaza kuposa tsiku limene analowa. Ng'oma itasintha, wachisanu ndi chiwiriyo anavina mpaka fumbi linakwera, amayi akulululutira, ndipo sanapume ngakhale kamodzi.

Fraser analira. Analira poyera, atavala jekete, pamaso pa apongozi ndi alamu, ndipo sanapukute misozi. Goliati, amene anaima pambali pake, ulendo uno sanamuseke, anangomugwira paphewa.

Magule atatha, anthu akumwazikira kumakomo kokadya, mwana wina wa Belita anabwera kudzanena kuti amayi akuitana alamu. Fraser anapita. Ulendo uno panali mpando. Pakhonde panali mwanamphero wake ndi sefa yake, yobooka pakona.

"Katundu wanu uyo," anatero Belita. "Sefayo inatopa, musatiimbe mlandu."

Fraser anayang'ana katunduyo, anayang'ana Belita. Zala za mayiyo zinali zotupa, zikhadabo zitaperepeseka ngati za munthu amene wakhala pamphero masiku ambiri.

"Za kuthezo sizinenedwa," anatero Belita, "koma izi ndikuuzani, chifukwa si mwambo, ndi ndiwo chabe. Masiku awiri oyamba mwana wanu ankadya mwaulemu, kutola zofewa m'mbali mwa mbale, ena osaona. Ine ndinkaona. Tsiku lachitatu kunabwera kalongonda. Ndinati aliyense adye. Onse anapisa manja, iye yekha manja ali pamiyendo. Ndinati, 'Namwali sakana.' Mukudziwa chimene anandiyankha?"

Fraser anapukusa mutu.

"Anagwada, maso pansi, monga tinamuphunzitsira dzulo lake. Anati, 'Amayi aakulu, chilango chilichonse ndilandira, koma ichi sindidya. Ndikufuna ndidzatuluke muno ndi mapazi anga, ndidzakuvinireni.' Zaka makumi awiri ndikulangiza ana, palibe anandikanapo. Ndipo palibe amene anandikanapo mwaulemu chotero."

"Ndiye munapita kuchipatala."

"Ndinapita kukafunsa a Malumbo ngati zimene mumanena zija n'zoona kapena ndi matama a mkamwini. Anandiuza za chubu. Ndinati za njinga ndazimva kale, ndiuzeni za mwana. Anandiuza, ndipo ndinamva kuti kalongonda wanga uja akanatha kumutenga." Belita analoza kubwalo. "Inu munakuwa pabwalo, koma palibe anandikhazika pansi n'kundiuza zimenezo."

Fraser anaweramitsa mutu. Mawuwo anali oona, ndipo anamulasa.

"Ndiye munamupatsa mbale yakeyake," anatero motsitsa mawu.

Belita anamuyang'ana ngati wamutukwana.

"Ndinakuuzani kuti kuthezo kulibe mbale ya munthu mmodzi. Mwambo sindinauphwanye, ndipo sindidzauphwanya. Onse khumi ndi mmodzi anadya mbale imodzi mpaka lero."

"Nanga..."

"Mbale yake inali ya Lenia. Ndinauza amayi onse kuti chaka chino kuthezo sikulowa mgaiwa, sikulowa khoko, sikulowa tsabola. Anadandaula, koma namkungwi ndine. Ana khumi ndi mmodzi, kasanu ndi kamodzi patsiku! Tinapera nandolo mpaka manja anachita matuza. Ndipo wotilangiza anali mwana wanuyo. 'Amayi aakulu, sefaninso.' 'Amayi aakulu, matembawo akadali ndi minga.' Masana ndimulangiza ine, nthawi yophika andilangiza iye."

Fraser anaseka, misozi ikutsikanso. Kenaka chinthu china chinamufika m'mutu mochedwa, monga zinthu zinkamufikira milungu iwiri imeneyo.

"Alamu, nanga mazira a mudzi wonse?"

Belita anakonza chitenje paphewa n'kuyang'ana kuphiri la Michesi.

"Za kuthezo sizinenedwa."

Pamenepo chitseko chinatseguka ndipo Lenia anatuluka m'nyumba ya Belita, nyumba imene sanadyemo kanthu kwa zaka zitatu. Anali atanyamula beseni la madzi. Anagwada patsogolo pa bambo ake, anawasambitsa m'manja, analowanso, n'kubwera ndi mbale ziwiri. Anavundukula yaing'onoyo. Munali chipere chachikasu, chosalala, kautsi kakutuluka.

"Waphika yekha," anatero Belita. "Kupera, kupeta, zonse. Ife tamulangiza milungu iwiri, inu munamulangiza zaka zinayi. Idyani, alamu. Kapena pakhomo pano simudya?"

"Ndidya," anatero Fraser. "Lenia, khala pansi, tidye tonse."

Lenia anayang'ana mayi ake aakulu, Belita anagwedeza mutu, ndipo mtsikanayo anakhala pamphasa. Fraser anatema mbamu. Koma dzanja lili ndi chizolowezi chake. Asanasunse, chala chake chinayenda chokha m'chiperemo, uku ndi uku, mpaka pansi pa mbale, monga chinkachitira m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi. Lenia ankamuyang'anitsitsa, akudziletsa kumwetulira chifukwa namwali watsopano saseka pamaso pa akulu.

"Mwapezamo angati, ababa?"

Fraser anatulutsa chala n'kuchiyang'ana. Panalibe khoko ndi limodzi lomwe.